Mutu 5: Tabuleti Yolembedwa Dzina la Wina

1. Yankho la kampani

Panali patapita masiku asanu ndi limodzi chisowereni tabuleti ya Maluwa. Inasowa Loweruka, tsiku lovundukula chiliza cha bambo ake, pamene nyumba yawo ya ku Chileka inadzaza ndi abale. Masana inali pawindo ikutchajidwa. Alendo atabalalika, pawindopo panatsala tchaja yokha.

Tabuletiyo inachokera kwa Harry, mchimwene wake wa ku Joni. Munali mabuku a Fomu 3, koma si mabukuwo amene ankamuliza Maluwa.

Bambo ake anali mphunzitsi wa kwaya ya kumpingo. Matenda atawagoneka, ankajambula mawu awo m'tabuletimo kuti kwaya isaime. Nyimbo iliyonse ankaiimba kanayi okha: sopulano, alito, tena ndi besi. Nyimbozo zinalipo makumi atatu ndi imodzi, ndipo sizinali kwina kulikonse.

Aphunzitsi a kompyuta kusukulu anamuthandiza kulembera kampani imene inapanga tabuletiyo. Yankho linafika Lachisanu. Aphunzitsiwo anamusindikizira papepala, nalipinda bwinobwino kuti anzake asawerenge.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake pakhonde akusankha nyemba. Amalume ake, a Mailosi, amene amagwira ntchito ya chitetezo ku bwalo la ndege, anali atangotsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Tatiwerengera m'Chichewa," anatero amayi ake.

Maluwa anafunyulula pepala lija.

"Akuti pepani kwambiri. Akuti sangauze munthu aliyense kumene tabuleti ili kupatula mwini wake wa akaunti. Akuti dzina langa silikugwirizana ndi limene lili m'kaundula wawo. Ngati ndikunenetsa kuti ndi yanga, nditumize chithunzi cha bokosi limene inabweramo, pamene pali nambala yake, pamodzi ndi lisiti."

Amayi ake anasiya nyemba.

"Kodi akuiona kumene ili?"

"Ikagwira intaneti angathe kuiona, amayi."

"Ndiye akuiona koma sakufuna kunena? Anthu anji amenewa? Ine nditaona mbuzi ya mnzanga ili m'khola la wina, ndingakhale chete mpaka andionetse lisiti?"

"Nanga bokosilo lili kuti, achemwali?" anafunsa a Mailosi.

"Zaka ziwiri zapitazo, achimwene! Kaya linapita kuti. Ndani amasunga bokosi lopanda kanthu?"

A Mailosi anatembenukira kwa Maluwa.

"Akaunti imeneyi anakutsegulira ndani?"

"Achimwene a Sylvester. Tsiku lomwe inafika ndinapita nayo kwa iwo. Anati ndisavutike ndi za Chingerezi, akonza zonse."

"Dzina analemba la ndani?"

Maluwa anali asanafunsepo zimenezo. Ku Chileka ndi ku Lirangwe komwe, munthu akagula foni amaipereka kwa wodziwa, n'kukhala pabenchi kudikira. Akamubwezera ikugwira ntchito, amathokoza n'kumapita.

2. Mawu a amalume

Sylvester anali mwana wa amayi aakulu a Maluwa. Anakhala pakhomo pawo zaka zitatu ali pasukulu, ndipo bambo ake a Maluwa ndi amene anamuphunzitsa kuimba besi. Tsopano anali ndi kashopu kokonza mafoni pa Lirangwe. Tsiku limene tabuleti inasowa, iye ndi amene anafunafuna kuposa onse, mpaka anakwera padenga la bafa.

A Mailosi anamuimbira foni pomwepo. Anayankhula mwachidule, kenako anaika foni m'thumba.

"Akuti pasiwedi anaiwala kalekale."

"Ndipita konko mawa," anatero Maluwa. "Tikakhala awiri mwina akumbukira. Akangolowa mu akauntiyo, kampani itiuza kumene ili."

A Mailosi anavula chipewa chawo cha kuntchito, nachiika pabondo.

"Khala pansi, mphwanga. Ndili ndi mawu awiri.

"Oyamba ndi a kampaniyi. Amayi akowa akwiya, ndipo sindikuwatsutsa kwenikweni. Koma mvera. Kuntchito kwathu zikwama zimasokonekera. Munthu amabwera akulira, akuloza chikwama, akuti n'changa. Ife sitipereka chifukwa cha misozi. Timafunsa kapepala kamene anamupatsa pokwera. Tikapanda kutero, wakuba wodziwa kulira angamapite ndi katundu wa anthu tsiku lililonse. Taganiza za mayi amene wathawa mwamuna womumenya, atanyamula foni yake. Mwamunayo atalembera kampani kuti andibera, ndiuzeni kumene ili, iwo n'kumuuza, mayiyo angapulumuke? Ndiye kufunsa umboni si kulakwa.

"Kulakwa kwawo ndi uku: sadziwa mmene ife timakhalira. Amaganiza kuti aliyense amadzitsegulira yekha akaunti, ndipo ali ndi kabati yosungiramo malisiti. Anatigulitsa chinthu, koma khomo lodandaulirapo analimangira anthu ena. Ife kuntchito munthu akataya kapepala sitimuthamangitsa. Timamufunsa kuti m'katimo muli chiyani. Akanena kuti muli nsapato yakuda yong'ambika chidendene, timatsegula, tikaipeza timamupatsa. Iwonso akanakufunsa zimene zili m'tabuletimo, ukanawauza nyimbo zonse ndi mayina ake. Ayenera kuthandiza, inde. Koma lero sanatero, ndipo ife tiyenda ndi zimene zilipo."

"Nanga achiwiriwo, amalume?"

"Achiwiriwo ndi akulu. Mawa ine ndili pantchito, sinditha kukuperekeza. Ukupita pamsika. Mwina udzaiona tabuletiyo m'manja mwa munthu, kaya mawa kaya tsiku lina. Ukadzaiona, pali mawu amodzi amene usadzawatulutse pakamwa pako. Usadzakuwe kuti wakuba.

"Ndili mnyamata ndinaona ndi maso angawa pamsika wina. Mayi anasowa foni, naloza mnyamata amene anamugunda paphewa. Anakuwa kamodzi kokha. Anthu amene ankagulitsa tomato mwamtendere anatola miyala. Palibe anafunsa dzina lake. Apolisi pofika, n'kuti mnyamatayo sakuyankhulanso. Foni ija inalira pambuyo pake m'chikwama cha mayi yemweyo, inali italowa pong'ambika nsalu ya m'kati. Mayiyo anagwa pansi n'kumapempha anthu kuti amudzutse mnyamatayo. Amudzutse ndani?

"Mawu amenewo ukawatulutsa sakhalanso ako. Ngakhale munthuyo atakhala kuti wabadi, moyo wake suli m'manja mwako. Uione bwino nkhope yake, ubwere udzandiuze. Kuli apolisi, kuli ife akuluakulu. Wandimva?"

"Ndamva, amalume. Koma ine ndikungopita kwa achimwene."

A Mailosi anayang'ana mlongo wawo. Amayi ake a Maluwa anaweramira m'lichero.

"Ndi zomwezo," anatero a Mailosi, navala chipewa.

3. Ulendo wa ku Lirangwe

Loweruka Maluwa anachapa, nakolopa, nadya. Amayi ake anamukulungira zigumu zinayi m'pepala.

"Ukamupatse mchimwene wako. Amazikonda zopsereza m'mbali."

Asanatuluke anagwirana manja pakhomo, ndipo amayiwo anapemphera mwachidule. Anapempha ulendo wabwino ndi mtima wofatsa. Za tabuleti sanatchule.

Mnzake Ivy, wa kalasi imodzi, ankamudikira pamsewu. Ivy anali wamtali ndi wapakamwa, koma sabata yonseyo ndi iye amene ankamubwereka Maluwa makope ake osadikira kupemphedwa.

"Zigumu? Ukupita kukafunsa pasiwedi kapena kukafunsira banja?"

"Ndi za achimwene."

"Achimwene ako aja ovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo? Iwe, munthu wokonza mafoni angaiwale pasiwedi? Ndiye kuti amayi anganso aiwala kuphika."

"Usayambe, Ivy."

"Ine sindinayambe. Ndikungoyankhula ndekha."

Anakwera minibasi mpaka pa Kameza, nasinthira ya ku Lirangwe. Inali yodzaza. Bambo wina wachikulire anakweza thumba lake la feteleza pamiyendo kuti atsikanawo apeze popondera. Podutsa pa Lunzu, mwana wa mayi amene anakhala pambali pa Maluwa anagona n'kutsamira pamkono wake. Maluwa sanasunthe mkonowo mpaka anafika.

Anatsika nthawi itadutsa hafu pasiti thu. Dzuwa linali likuswa mtengo. Pamsewu panali mzere wa anyamata a kabaza, ena atagona pa njinga zawo.

Kashopu ka Sylvester kanali ka matabwa, kopaka utoto wobiriwira, pakati pa ometa tsitsi ndi mayi wogulitsa mandasi. Mayiyo, a Sikina, ankamudziwa Maluwa kuyambira ali wamng'ono.

"Mwana wa aphunzitsi a kwaya! Wakula, iwe. Amayi ali bwanji? Bwerani mukhale pamthunzi, mwapsa."

Anawatungira madzi m'kapu imodzi, nawapatsa kuti amwe mosinthana.

4. Pakashopu

Sylvester anali ataweramira foni yotsegulidwa, kachitsulo kowotcherera kali m'manja. Atawaona anaimirira msanga, mpaka mpando unagwa.

"Sisi! Bwanji osaimba kuti ukubwera?"

"Muli bwanji, achimwene? Amayi akupatsani izi."

Sylvester analandira zigumuzo ndi manja awiri, naziika pambali osatsegula.

"Za pasiwedi ija ndinawauza kale amalume. Mutu wangawu umasunga manambala a anthu ambirimbiri. Zaka ziwiri si masewera."

"Tiyeni tingoyesa. Mwina munaika tsiku lanu lobadwa. Kapena dzina la timu yanu."

"Ndinayesa zonsezo."

"Akuti munthu akaiwala amamutumizira nambala pafoni yake," anatero Ivy. "Si choncho, akatswiri?"

"Layini imeneyo inatayika. Ndipo iwe ndiwe ndani, loya?"

"Ndine woperekeza. Koma maso ndili nawo."

Sylvester anaseka, natembenukira kwa Maluwa. Anatsitsa mawu.

"Tamvera, sisi. Zinthu izi zikapita zapita. Panopa ili ku Limbe kapena ku Mozambiki, anaifulasha kalekale, mulibe kanthu. Makampani awa sathandiza amphawi, amangofuna ugule ina. Iwala. Umuuze Harry akutumizire yatsopano, si ali ndi ndalama?"

"Yatsopano simukhala mawu a bambo."

"Ndikudziwa. Nanenso zikundiwawa. Anali bambo anganso amene aja. Mulungu akundiona, ndikanakhala ndi njira ndikanakuthandiza lero lomwe."

Maluwa anamukhulupirira. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nayamba kutsanzika.

"Zikomo, achimwene. Pepani takusokonezani pantchito."

"Palibe kanthu. Thamangani, minibasi ija ikudzaza."

Pa wailesi ya ometa tsitsi analengeza kuti nthawi yakwana 3 koloko.

5. Nthawi ya kwaya

Pansi pa tebulo la Sylvester, m'dilowa yotseka, munthu anakhosomola pang'ono. Kenako panamveka mawu a bambo wachikulire, ofatsa, otopa.

"Eya, asopulano, tiyambe ndi inu. Mvetserani kaye, musathamange."

Chapatali m'mawuwo tambala analira, ndipo mtsikana anaseka. Mtsikanayo anali Maluwa. Kenako bamboyo anayamba kuimba.

Chimwalirireni bambo ake, Maluwa anatchera tabuleti kuti izilira ndi mawu amenewo Loweruka lililonse 3 koloko, nthawi yokonzekera kupita ku kwaya. Sabata imeneyo, chifukwa cha chisoni, anali ataiwala. Sylvester sankadziwa n'komwe.

Palibe anasuntha. Sylvester anaika dzanja pa dilowa ngati angatseke mawuwo ndi chikhatho. Nyimbo inapitirira.

"Achimwene," anatero Maluwa.

"Si imeneyo!" anakuwa Ivy. "Si imeneyo, Maluwa! Anthuni, bwerani mudzaone! Munthu uyu ndi wa..."

Maluwa anamutseka pakamwa ndi dzanja lonse.

Koma anthu anali atamva kale. Ometa tsitsi anatuluka, wometedwa ali pambuyo ndi nsalu m'khosi. Anyamata a kabaza anasiya njinga zawo. Posakhalitsa pakashopu panali anthu oposa makumi awiri, ndipo ena ankabwerabe akuthamanga.

"Zikutani apa?"

"Wakuberani, asisi?"

"Awa okonza mafoniwa timawadziwa! Yanga anandisinthira batire!"

Mnyamata wina wa malaya ofiira anawerama, natola chidutswa cha njerwa. Anaima kutsogolo kwa onse.

"Asisi, inu ingonenani. Wakuberani kapena ayi?"

Maluwa anayang'ana Sylvester. Magalasi akuda aja anali atagwa. Thukuta linkatsikira m'khosi. Ndi munthu yemweyo amene anamuphunzitsa kupalasa njinga. Ndi yemweyonso amene anakwera padenga la bafa kufunafuna chinthu chimene anali atabisa yekha, amene anangotchula kumene dzina la Mulungu.

Mawu aja anali pakamwa. Anali afupi, ndipo anali oona.

M'dilowa muja bambo ake anasiya kuimba, nanena kuti, "Tibwerezenso. Pang'onopang'ono."

Maluwa anatseka maso kanthawi, milomo ikuyenda. Kenako anachotsa dzanja pakamwa pa Ivy, natembenukira kwa anthuwo.

"Awa ndi achimwene anga. Mawu mukumvawo ndi a bambo anga, anamwalira chaka chatha. Tabuletiyo ndi yanga, ndabwera kudzatenga."

"Sitinafunse zimenezo. Wakuberani?"

"Nkhaniyo tikakamba kwathu, pamaso pa amalume."

Wa malaya ofiira sanakhutire. Anasendera kutsogolo. Pamenepo a Sikina anadzuka pa beseni lawo la mandasi, nadzaima pakati pa iye ndi kashopu, manja ali m'chiuno.

"Mwamva kapena makutu anatsekeka ndi fumbi? Mwini wake wanena kuti ndi za pabanja. Iwe Salumu, taya njerwayo. Amayi ako ndimapemphera nawo, usandichititse manyazi. Bwererani ku njinga zanu, makasitomala akukwera za anzanu uko."

Wina anaseka. Salumu anayang'ana njerwa ija ngati sakudziwa mmene inafikira m'manja mwake, naiponya m'ngalande. Anthu anayamba kubalalika akung'ung'udza.

Sylvester anatsegula dilowa. Chikuto chofiirira chimene amayi a Maluwa anasoka chinali chitachotsedwa, koma mng'alu wa pakona unali pomwepo. Maluwa analandira tabuletiyo, nakhudza galasi. Nyimbo inaleka. Pagalasipo panatuluka malo olembapo manambala. Kale panalibe zimenezo.

"Mwaikiya. Nambala yake ndi chiyani?"

Sylvester sanamuyang'ane.

"Harry amatumizira inu nokha. Ine ndinakulira m'nyumba yomweyo. Ndinatunga madzi, ndinalima, ndinanyamula bokosi la maliro. Ananditumizirapo ngakhale sokosi?"

"Mukanapempha, achimwene. Mukanatenga tabuletiyo n'kundisiyira nyimbo, sindikanalira. Nambala yake ndi chiyani?"

"Wandichititsa manyazi pamsika ponse. Chokani."

"Wakuchititsa manyazi?" anatero Ivy. "Akanapanda uyu bwenzi pano akukutola ndi fosholo!"

Maluwa anamukoka mnzakeyo. Zigumu zija zinatsala patebulo, zosatsegula.

A Sikina anawaperekeza mpaka pa minibasi. Anavula mpango wawo wa kumutu, nakulunga tabuleti ija.

"Usaionetse m'galimoto. Mpangowo udzabweza ukadzabwera."

Atadutsa pa Lunzu, Ivy anati, "Ndikanakuwa kuti wakuba, eti?"

"Ukanakuwa."

"Ndinaona njerwa ija." Anatembenukira kuwindo. "Koma ndikadali wokwiya."

"Inenso," anatero Maluwa.

6. Mwini wake ndani?

Anafika dzuwa likadalipo. Amayi ake anamvetsera nkhani yonse ataima, dzanja lili pakamwa. Atamva dzina la Sylvester anakhala pansi pakhonde.

"Mwana wa mkulu wanga. Ndinkamusungira mkute mwana ameneyu."

Anatenga tabuleti ija, naipukuta ndi chitenje mbali zonse.

"Tayatsa ndiwamve bambo ako."

"Sizitheka, amayi. Anaikiya. Ingolira yokha Loweruka, 3 koloko."

"Kamodzi pa sabata?"

"Nyimbo imodzi yokha. Zinazo zili m'katimo, koma sitingazifikire."

Belu la njinga linalira kumsewu. A Mailosi anafika, koma sanalowe pabwalo monga mwa masiku onse. Anaima kutali, pafupi ndi mpanda.

"Maluwa! Ili nawe?"

"Ili pano, amalume!"

"Usabwere nayo kuno. Isiye pomwepo, ubwere wekha."

Maluwa anapita. A Mailosi anamugwira paphewa.

"A Sikina andiimbira, andiuza zonse. Wachita bwino, mphwanga. Lero mwana wa mlongo wanga ali moyo chifukwa unatseka pakamwa. Koma usayembekezere kuti akuthokoza. Munthu ukamuona ali pa manyazi ake, nthawi zambiri amadana nawe kuposa amene akanamumenya. Taona izi."

Anamuonetsa uthenga wa pafoni wochokera kwa Sylvester. Maluwa anawerenga mokweza kuti amayi ake amve.

"Amalume, tabuletiyo kukampani ili m'dzina langa. Ndawauza kuti yabedwa ndipo ndapempha kuti aifufute. Ikangogwira intaneti zonse zipita. Nkhaniyi ikapanda kufika kwa amayi anga, ndikhoza kubweza pempholo."

Amayi ake anaimirira.

"Ndiye kampaniyo imvera iyeyo?"

"Imvera dzina limene lili m'kaundula," anatero a Mailosi.

"Ine ndinalemba mwaulemu, anandikana," anatero Maluwa. "Wakuba walemba, amuthandiza tsiku lomwelo. Akumuthandiza kundibera kachiwiri!"

"Ndi zoona, ndipo n'zowawa. Koma tamvera. Khadi la foni anachotsamo, ndiye payokha singagwire intaneti. Chimene inazolowera ndi kukoka pafoni yangayi, monga unkachitira pochita za kusukulu. N'chifukwa chake ndaima kuno. Kuyambira lero foni yanga sifika pakhonde. Kusukulu usapite nayo. Uziitchaja, isazime. Tikatero mawu a bambo ako ali bwinobwino m'katimo."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kampani itavomera kuti mwini wake ndiwe. Ndipo za kubisira amayi ake, ayi. Ine ndine malume wake, sindigulitsana naye chilungamo. Koma tisanayankhule, tipeze kaye chimene anatipempha. Bokosi lija, achemwali. Harry anandiuza pafoni masana ano kuti lisiti analimata m'kati mwa chivundikiro. Takumbukirani bwino. Munalitentha?"

"Bokosi lolimba ngati limene lija ndingatenthe? Linali loyera, lotseka bwino, ngati la nsapato za ukwati. Ndinasungiramo ulusi, kenako..."

Analeka. Anayang'ana nkhuku zimene zinkalowa m'khola, kenako anayang'ana mchimwene wawo.

"Mazira," anatero motsitsa. "Chaka chatha nkhuku ya achemwali inkafuna kufungatira. Ndinawaikira mazira khumi m'bokosi limenelo, ndi madeya kuti asasweke. Sanalibweze. Anati n'lokongola, asungiramo makadi a kuchipatala."

"Ndiye lili ku Lirangwe," anatero a Mailosi.

"Ndinaliona mwezi wathawu. Lili pamwamba pa kabati."

"Kabati ya pabalaza?" anafunsa Maluwa.

Amayi ake anapukusa mutu.

"Ya kuchipinda kumene amagona Sylvester."

Maluwa anabwerera pakhonde. Anamasula mpango wa a Sikina, naupinda kanayi mosamala. Tabuleti anaikulunga m'chitenje cha amayi ake, nakaiika m'sutikesi ya bambo ake, pansi pa jekete lawo la kwaya. Kenako anatuluka ndi mpango uja m'manja.

"Amayi, mawa tikaweruka ku tchalitchi mundilole ndipite. Mpango wa eni sugona masiku awiri."